Kumatula Khoma Patsinde pa Michesi

Minibasi yochokera ku Limbe inanditula pa Chitakale dzuwa likadali lofewa, koma yachiwiri, yolowera ku Phalombe, inatha ola lathunthu ikungoliza hutala pasiteji. Itadzaza ndinapezeka ndili pampando wakumbuyo, bondo litapanikizika ndi ndowa ya mayi wina, K5,000 yanga italowa kale m'thumba la kondakitala. Msewuwu umayenda mokumbatira phiri la Mulanje. Minda ya tiyi imakuperekeza pang'ono n'kubwerera, umadutsa pa Likhubula thanthwe la Chambe lili njo kudzanja lamanja, kenaka kubiriwira kumayamba kuchepa ndipo umangozindikira kuti walowa m'dziko la fumbi, njinga ndi nandolo. Unali mwezi wa Okutobala. Paliponse pomwe tinkaima, nyenje zinkalira ngati munthu akunola chikwanje pamwala.

Ulendowu unabadwira kuntchito. Mnzanga wina, mayi wa ana atatu, kwawo ndi konkuno. Amayi ake akula, maso ayamba kuchita nkhungu, ndipo abale anagwirizana kuti akakhale naye ku Bangwe, nyumba ya kuno igulitsidwe. Dobadoba yemwe anapatsidwa ntchito yosaka wogula anabweretsa anthu awiri pa miyezi itatu, onse osabwereranso. Pafoni anangoti, "Mayi, nyumba ilibe vuto, koma makoma aja akuthamangitsa makasitomala." Nditamva kuti makomawo ndi omata mapepala kuyambira pansi mpaka kudenga, ndinadzipereka ndekha kuti ndikathandize kumatula. Kunena zoona, chomwe ndinkafuna ine n'kukawerenga.

Ndinamupeza akundidikira pakhonde la sitolo ya zipangizo zomangira, pa Phalombe penipeni. Ukaima pamenepo phiri la Michesi limakhala ngati likukusuzumira, ndipo pakati pa ilo ndi Mulanje pali mpata wa Fort Lister, pomwe atsamunda anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Bomali ndi laling'ono m'zaka, linapatulidwa ku Mulanje mu 1998, ndipo masiku ano zambiri zikukokera ku Migowi komwe kuli chipatala chachikulu chatsopano. M'sitolomo munkanunkha simenti ndi matayala a njinga. Mitengo sinalembedwe paliponse. Mwini sitolo anati chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, iye anasiya kuwononga choko. Thumba la laimu wa ku Balaka anatitchulira K12,000, bulashi yaikulu K4,000. Atatchula mtengo wa ndowa ya penti ya madzi, mnzanga anangoseka n'kuloza laimu. Tinatenga matumba awiri ndi bulashi, ndipo pagolosale yoyandikana anagula sopo waufa ndi mapaketi awiri a mchere. Ndinafunsa za mcherewo. "Muona, achimwene," anatero.

Akabaza atatu anatizinga. Munthu K1,000, laimu K1,500. Nditadandaula, mnyamata wa laimuyo anati munthu amatsika pachitunda koma thumba silitsika. Ndinalipira.

Tinayenda mphindi ngati 20, kusiya phula n'kulowa kanjira kodutsa m'minda yokolola kale, momwe mitengo ya nandolo inali itaima yopanda masamba ngati matsache ozika pansi. Apa m'pomwe ndinayamba kuona miyala. Si miyala ya m'munda yomwe alimi amaunjika m'malire ayi, koma zimiyala zoulungika, zina zazikulu ngati nkhokwe, zili mbwee pamalo athyathyathya pomwe palibe chifukwa choti mwala wotere upezekepo. Pamwamba pa wina anayanikapo makaka. Wondipalasayo sanatembenuke n'komwe. "Ya napolo imeneyo, bwana." Mnyamatayo anali asanabadwe mu 1991, chaka cha napoloyo.

Nyumbayo ili m'mbali mwa msewu wafumbi, msana utaloza kuphiri. Njerwa zootcha, malata a dzimbiri lofiirira ngati thobwa la mawere, khonde la mizati iwiri, ndi mtengo wa mango wobala tizipatso tosakhwima tomwe ana anali atayamba kale kugenda. Mjigo uli pafupi, poti mayi wosenza ndowa sapumira panjira. Anaimanga ndi malemu bambo a mnzangayo. Iwo anali ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa ulendowu, anthu n'kuyamba kubwerera kumudzi. Iwo anafika ndi bokosi lachitsulo, wailesi, njinga ndi ndalama za malata. Kuno n'kwa chikamwini. Mwamuna amamanga kwa mkazi, ndipo malo a mbumba sungangodzuka m'mawa n'kuwaika pamsika. Koma bamboyo, mwina atatopa ndi maso a apongozi, anakapempha malo akeake kwa amfumu kufupi ndi msewu. N'chifukwa chake nyumba iyi ikutheka kugulitsidwa. Ngakhale zili choncho, atsibweni a mnzangayo, monga mwinimbumba, anali atafika kale m'mamawa ndi mpando wawo wa ndalema, kuti pasachitike kanthu iwo osaona.

Amayi tinawapeza pamkeka akusola nandolo m'lichero, zala zikugwira ntchito yomwe maso anaisiya. Ndinagwada kuwalonjera. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, akufunsa za kwathu, kenaka anaitana mdzukulu kuti andipatse thobwa. Za makoma sanatchule.

Pabalaza chinandilandira ndi fungo. Linali fungo la kabati yomwe yakhala chitsekere zaka zambiri, losakanikirana ndi la mwaye ndi kena kowawasa ngati phala logona. Maso atazolowera mdima ndinaona kuti ndaima m'kati mwa nyuzipepala. Makoma atatu anali odzaza masamba, ena oongoka, ena chammbali, ena chadodolido, mitu ya nkhani itadulidwa pakati ndi kalendala ya kampani ya mbewu, nkhope ya wandale itaphimbidwa theka ndi chithunzi cha basi. Kumwamba, kufupi ndi malata, zonse zinali zachikasu chakuda ngati fodya wochiza, ndipo pangodya pomwe pankakhala koloboyi panali lilime lakuda la mwaye lokwera mpaka kumtanda wa denga. Nditatsamiritsa chikhato, khomalo linalira pang'ono ngati masamba ouma. M'malo ena pepala linali litatukuka, likupuma lokha.

Khoma lachinayi, loyang'anizana ndi khomo, linali lina. Pamenepo panali pepala lenileni la pakhoma, lija a m'tauni amalitchula wallpaper, la maluwa akuluakulu ofiirira ndi achikasu obwerezabwereza m'mizere, lowala pang'ono ngati nsalu ya pulasitiki ya patebulo. Linabwera m'bokosi lachitsulo lija, lokulungidwa ngati mikeka, ndipo linangokwanira khoma limodzi. Mnzanga anati ali mwana, anzake ankapempha madzi akumwa pakhomopa ndi cholinga chongosuzumira maluwawo. Titasuntha kabati ndi mpando wautali, ndinaona kuti maluwa akuthera m'chiuno mwanga, m'munsi mwake muli manyuzipepala ngati kwina konse. Ndinaganiza kuti pepalalo linangoperewera. Ndinaphonya.

Amisiri anafika ndi mpeni womangira, kachitsulo kopalira ndi sanza za thumba la ufa. Ndi bambo wamfupi wa imvi za m'ndevu, wolankhula akuyang'ana khoma osati munthu. Anagogoda apa ndi apo ndi chigwiriro cha mpeni, akumvetsera, kenaka anatiuza zomwe tili nazo. Kuseri kwa mapepalawa kulibe pulasitala wa simenti. Kuli dothi losakaniza ndi mchenga, ndipo njerwa zake anamangira matope. Khoma lotere limayoyoka, limadetsa malaya a mlendo akatsamira, ndiye mapepala sanali okongoletsa chabe, ankagwiranso dothilo. Anamata ndi phala lamadzimadzi la ufa wa makaka, lomwe likauma limagwira kuposa guluu wa m'sitolo, koma mphemvu zimalitenga ngati chakudya cha pa ukwati. Amayi anayankhira ali pakhonde kuti ankamata chaka ndi chaka Khirisimasi ikayandikira, pamwamba pa akale, osamatula. Mapepalawo ankapempha kwa aphunzitsi oyandikana nawo, ndipo Boma Lathu ankachita kugawa.

Kamatulidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Madzi otentha m'ndowa, sopo waufa pang'ono, sanza. Umanyowetsa malo otalika ngati mkono, kuyambira kumwamba kuti madzi otsika azifewetseratu m'munsi, n'kudikira nthawi yoti munthu amwe chikho cha thobwa mosafulumira. Kenaka umalowetsa mpeni chogoneka, osati chobaya. "Madzi akachuluka mumatula ndi khoma lomwe, achimwene," anatero amisiri. Ndinavomera ngati ndamva. Pasanathe mphindi khumi ndinali nditagwetsa chibuma cha dothi chachikulu ngati mbale ya ndiwo, njerwa ili poyera, fumbi lili m'kamwa. Amisiri anangoyang'ana dzenjelo, n'kundipatsa sanza m'malo mwa mpeni.

Ntchito yonyowetsa inandikomera, chifukwa wonyowetsa ndiye amayamba kuona. Pepala likamwa madzi, la pansi pake limaonekera ngati nkhope ya munthu wosuzumira pazenera la nthunzi. Pamwamba penipeni panali makalendala ndi zithunzi za kampeni za zisankho zaposachedwa. Pansi pake mbendera ija ya dzuwa lathunthu loyera, yomwe inakhala kuyambira 2010 mpaka 2012 basi. Pansi pakenso anyamata a Flames akukumbatirana ku Angola, tsiku lomwe anathira Algeria zigoli 3 kwa duu mu Januwale 2010. Ndinaitana mnzanga kuti adzaone, koma amisiri anali atalowetsa kale mpeni, timu yonse n'kugwera m'beseni. Tinatsikira m'zaka za Muluzi, kenaka nyali ndi tambala wakuda za riferendamu ya pa 14 Juni 1993, kenaka Papa Yohane Paulo Wachiwiri atavala zoyera pa ulendo wake wa 1989. Masamba a Moni anali ouma kuposa ena, ovuta kulowa madzi. Pansi pa zonse, atamatirira kudothi kwenikweni, panali Kamuzu ndi litchowa lake m'mwamba, amayi a mbumba atamuzungulira, inki itasuluka moti chipewa chokha ndicho chinali chakuda. Pamalo amodzi ndinawerenga mapepala 14 osanjikizana, okhuthala ngati chikopa cha ng'ombe. Mnzanga anaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti zilembo anaziphunzirira pakhoma lomweli asanapite kusukulu, atagona chagada pamphasa, ndipo mawu ena anayamba kuwadziwa chadodolido.

Mphemvu sindizitchula kawiri. Zinalipo, ndipo nkhuku za pakhomopo zinadya bwino tsiku limenelo.

Pepala la maluwa linativuta mwa njira yakeyake. Nkhope yake yowalayo simwa madzi, umathira n'kumangotsetsereka. Amisiri anatumiza mwana kukatenga foloko kukhitchini, n'kuyamba kulikalakala mopingasa kuti madzi apeze polowera. Likafewa, kansalu ka pamwamba kamasendeka kathunthu ndi kaphokoso ngati kung'amba chitenje chakale, n'kusiya pepala lina loyera lomwe umalinyowetsanso. Kumayiko komwe mapepalawa anachokera, ogulitsa nyumba amalangiza zomwezi zomwe dobadoba wathu ananena, kuti maluwa a dzana amakalambitsa nyumba, ndipo kumeneko amachita kubwereka makina a nthunzi omatulira. Ku England mapepala a pakhoma anali chinthu cha anthu opata moti boma linkawadula msonkho kuyambira 1712 mpaka 1836. Koma chomatira chawo chakale chinali phala la ufa wa tirigu. Amayi a ku Phalombe sanaphonye patali.

Dzuwa lili paliwombo tinafika m'munsi mwa makoma, ndipo ine wowerenga ndinayamba kudandaula kuti nkhani zatha kukoma. Kamuzu kunalibe. Papa kunalibe. Kulikonse komwe ndinkanyowetsa kuyambira m'chiuno kutsika, pepala lakale kwambiri linali la m'zaka za nyali ndi tambala. Ndinauza amisiri ngati nthabwala. Iwo sanaseke. Anapala mofatsa malo otambalala, n'kupukuta ndi sanza youma.

Panali mzere.

Unali wofiirira, woongoka ngati wojambula ndi levulo, ndipo titautsata unazungulira balaza lonse, kudutsa ndendende pomwe maluwa aja ankathera. M'munsi mwake dothi la khoma linali la mtundu wina, lomatidwa kachiwiri ndi dzanja lina. Mnzanga anatuluka osalankhula, n'kubwera atawagwira amayi ake pamkono. Iwo anayendetsa zala pakhomapo mpaka anapeza pomwe dothi limasinthira.

"Eya, ndi pomwepa," anatero. Anafotokoza mosakweza mawu, ngati akunena za mtengo wa nandolo. Malichi 1991. Mvula inagwa masiku otsatizana osapuma, kenaka kuphiri kunamveka chimkokomo ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi. Anathawa ndi ana okha, wina kumsana, mnzangayu akumukoka padzanja. Pobwerera anapeza matope m'nyumba, nkhokwe palibe, mbuzi palibe, ndipo mabanja ena a kumtunda kwawo palibe ndi nyumba zomwe. Anthu mazanamazana anapita tsiku limenelo ku Phalombe, ambiri osapezeka n'komwe. Mapepala a m'munsi anaola, anawapala ndi khasu, bambo n'kumatanso dothi. Patapita chaka ndi miyezi khoma litaumitsitsa, amayi anaphika phala.

Amisiri anapala m'munsi kwenikweni n'kupeza mzere wina, wotalika chikhato chimodzi ndi theka kuchokera pansi. Uwu sunafune kufotokoza. Namondwe wa Freddy, Malichi 2023. Mwezi womwewo.

Tinadya nsima ya matemba a ku Chilwa pansi pa mango, ndi kalongonda m'kambale kapadera yemwe amayi anaumirira kuti mlendo alawe. Pamenepo m'pomwe atsibweni anatsegula mlandu. Iwo anati mdzukulu wawo wa ku Limbe wawauza kuti m'masitolo a kumeneko muli mapepala amakono omata okha, a njerwanjerwa ndi a miyalamiyala, ongosenda kumbuyo n'kuphatika. Tigule amenewo, tiphimbe zonse. Apo ayi, laimu alowe lero lomwe, wogula asanaone mizereyo. "Munthu akaona zimenezi adula mtengo pakati," anatero, ndipo sankanama. Mnzanga anayankha mwaulemu, maso ali pansi, kuti atsibweni, wogulayo si wochokera ku Lilongwe, ndi wa pa Migowi pompa, miyala ija amaidutsa tsiku ndi tsiku. Amisiri sanalowerere za chilungamo, anangonena za ntchito. Pepala lomata lokha siligwira padothi loyoyoka, limagwa mwezi usanathe. Laimu wopaka pakhoma lonyowa, lomwe likadali ndi zotsalira za phala, amachita mawanga achikasu n'kuyamba kufunduka. Khoma liyenera kutsukidwa, liume masiku anayi mazenera ali pululu, maenje atsekedwe, dzenje langa lija analitchula ndi dzina, kenaka laimu wosungunula dzulo lake apakidwe kawiri. Mchere uja ndi wothira m'laimumo kuti asamatsalire pamalaya. Mwambi wa mkuyu ndi nyerere zake unali pakamwa pa aliyense, koma palibe anautchula pamaso pa mwinimbumba. Ine ndinali mbali ya amisiri, ngakhale ndivomere kuti nyumbayo si yanga ndipo mtengo wodulidwawo sukanatuluka m'thumba langa.

Masana tinalowa kuchipinda kwa amayi. N'kochepa, bedi lachitsulo ndi bokosi la ku Joni lija zikungotsala pang'ono kugundana, zenera lake laling'ono ngati buku. Kuno mapepala anali ochepa koma alendo anali ambiri. Kumutu kwa bedi, titangosenda tsamba loyamba, tinaona timadontho takuda tothithikana ndi fungo lija lomwe aliyense wogonapo m'nyumba zogona alendo zotchipa amalidziwa. Nsikidzi. Madzi a m'ndowa anabwezedwa pamoto kuti awire kwenikweni. Kuyambira pamenepo ndinkangodzikanda m'khosi, ngakhale palibe chinandiluma.

Pangodya ya kumpoto amisiri anaima. Pansi pa mapepala panali mng'alu wotsika ngati makwerero, wotsata mizere ya njerwa kuchokera kudenga mpaka m'mawondo, ndipo kumtunda kwake chala changa chaching'ono chinalowa. Anati ndi nthenda ya nyumba zambiri za m'chigwa chino. Dothi la makande limatupa likamwa madzi dzinja, chilimwe n'kuuma mpaka kung'ambika, ndiye maziko amakwera ndi kutsika chaka ndi chaka ngati chifuwa cha munthu wogona. Atsibweni, omwe anali atatitsatira ndi ndodo yawo, anangoti, "Basi, tagwa nayo." Koma amisiri anagwira dzanja la mnzanga lomwe linali litanyamula kale sanza. Chapakati pa mng'aluwo panali patatsala tsamba limodzi lomatidwa mopingasa, la masewero, la chaka chomwe chija cha ku Angola. Linali lathunthu. Silinang'ambike, silinakwinyike, linali gwa mbali zonse ziwiri.

"Ili musalichotse," anatero. "Khoma likanakhala kuti likuyendabe, pepalali likanang'ambika kalekale. Mng'alu uwu unaima." Anati amisiri ena amachita kumata kapepala kapena kagalasi dala pamng'alu n'kudikira miyezi kuti aone ngati ukukula, pomwe apa amayi anatiyesera kale kwa zaka zoposa khumi, Freddy n'kudutsa pomwepo. Pokonza adzagoba mng'aluwo, kulowetsamo waya mopingasa ndi kutseka ndi simenti, thumba limodzi lokwanira ndi zigamba zina zonse. Koma wogula aone kaye.

Wogulayo anafika mosayembekezeka, cha m'ma 4 koloko, pa njinga yamoto, dobadoba ali kumbuyo. Tinkamuyembekeza sabata yotsatira. Dobadoba atasuzumira pabalaza n'kuona makoma amaliseche, mabeseni a mapepala onyowa ndi ine ndili mbuu ngati chinyau, nkhope yake inagwa. Mlendoyo ndi bambo wogula nandolo ndi mpendadzuwa, ndipo akufuna nyumba yoti azibwereketsa kwa ogwira ntchito m'boma. Analonjera amayi atagwira chipewa m'manja, analonjera atsibweni, n'kulowa. Maluwa otsala pakhoma sanawayang'ane n'komwe. Anayang'ana kudenga kufuna timabowo ta kuwala m'malata, anakanda mtanda ndi kiyi wa njinga kuti aone ngati muli chiswe, anaponda pansi ndi chidendene. Kenaka anaima pamzere uja, n'kuuyeza ndi thupi lake. Unamufika palamba.

"Wa 91 uwu, agogo?"

"Womwewo, bambo. Winawo ndi wa dzana."

Anagwedeza mutu. Anati kwawo ku Nkhulambe wa dzanayo sanasiye khoma loti munthu n'kuyezapo. Anafunsa komwe madzi analowera, ndipo amayi analoza ndi chibwano kuseri, komwe kuli kakhwawa kouma. Anapita kukakaona yekha, n'kubwera akunena za ngalande ndi kukweza khonde la kuseri ndi mizere itatu ya njerwa. Kuchipinda amisiri anamuonetsa tsamba lija. Anawerama, anawerenga chaka, n'kuseka pang'ono. Atatuluka anafunsa zomwe ndinaona kuti ndizo anabwerera: ngati amfumu akudziwa, ngati ana onse a malemu asayina, ndiponso ngati malire a kumbuyo ndi mtengo wa mango kapena mzere wa nkhadze. Apa atsibweni anatsitsimuka, pakuti iyi ndiyo inali ntchito yawo. Anadzuka ndi ndodo n'kuyamba kuyenda m'malire, wogula, dobadoba ndi mnzanga ali pambuyo. Za mtengo anakakambirana kuseri kwa bafa, motsitsa mawu. Ndinangomva dobadoba akukumbutsa za 10 peresenti yake, kawiri.

Ndinatsala pabalaza ndi amayi ndi amisiri. Pakhoma la maluwa panali patatsala chigawo chimodzi, kumtunda kudzanja lamanzere, komwe dzuwa la pakhomo silinkafika, ndipo mitundu yake inali ikadali yowala ngati yogula dzulo. Amayi anafunsa ngati maluwa onse apita. Amisiri anati latsala pang'ono. "Ndiduleniko limodzi lathunthu, losakala ndi foloko." Amisiri anakwera pampando, anazunguliza duwa limodzi ndi lezala, n'kulinyowetsa m'mbali moleza mtima kuposa momwe anachitira ndi china chilichonse tsiku limenelo. Linatuluka lonse, lalikulu ngati chivundikiro cha poto. Amayi analisisita pabondo kuti liongoke, analinunkhiza, n'kutuma mdzukulu kuti akaliike m'bokosi lachitsulo, pansi pa zitenje.

Mnzanga anatsala kuti adikire khoma liume. Ine ndinakwera kabaza dzuwa likulowa, Michesi atasanduka wofiirira, utsi wa mapepala omwe ana ankayesa kutentha kudzala ukukwera mwaulesi chifukwa anali asanaume. Mnyamata wake anali yemwe uja wa laimu, ndipo ulendo uno anati K1,500 chifukwa kwada. Pasiteji ndinapeza minibasi yomaliza ya ku Chitakale ikusowa anthu awiri. Ndinakhalanso kumbuyo. Tili pa Likhubula, mayi woyandikana nane anandigwira paphewa n'kundimatula kanthu pakolala. Kanali kachidutswa ka nyuzipepala, kachikasu, kokhala ndi zilembo zitatu ndi theka la chipewa chakuda.